Khukhi wa Sitima ya Perla

Anacleto Bacalso, amene anzake ankangomutchula kuti Cleto, anakwera sitimayo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, isanapatsidwe dzina loti Perla. Inali ya asilikali apamadzi a ku America, yopakidwa utoto wotuwa, ndipo ntchito yake inali kututa zipolopolo, mafuta ndi chakudya cha m'zitini. Cleto anali khukhi. Mlamu wake Teodulo, mchimwene wa mkazi wake Puring, ankaperekera azungu chakudya.

M'mawa wina ali pafupi ndi chilumba cha Leyte, ndege ya Ajapani inadzimenyetsa kutsogolo kwa sitimayo. Zipolopolo anali atatsitsa dzulo lake, apo ayi sipakanapulumuka munthu. Komabe angapo anafa, ndipo Teodulo, yemwe anatuluka kukataya madzi otsukira mbale, anali mmodzi mwa iwo. Pobowokapo anawotchererapo chitsulo, sitima n'kubwerera pantchito.

Nkhondo itatha anachotsamo mizinga n'kuigulitsa kwa wamalonda wina wa mumzinda wa Cebu, amene anaipaka utoto woyera ndi kuipatsa dzina la mwana wake wamkazi. Cleto anangotsalira momwemo ndi mapoto ake. Tsopano Perla inkazungulira zilumba itanyamula kokonati wouma, simenti, nkhumba, ndi anthu ogona pamphasa pamwamba pa katundu. Fungo la kokonati linkamulowa Cleto mpaka m'tsitsi, moti Puring ankamuuza kuti ayambe wasamba asanapereke moni.

Injini inayamba kukalamba. Chaka china mwini sitima anaitanitsa makaniko wa ku Japan, dzina lake Shiraki, kuti ayende nawo ulendo umodzi akuimvetsera. Cleto anapita kwa Kaputeni Lumapas n'kuwauza kuti munthu ameneyo samuphikira.

"Nanga adye chiyani, madala? Girisi wa injini?" anafunsa kaputeni.

"Akadye kwawo."

Kaputeni sanalimbane naye. Ankangogawa mbale yawo pawiri, theka n'kumupatsa Shiraki.

Ali kufupi ndi chilumba cha Samar injini inazima, mphepo n'kuyamba kukankhira sitima kumiyala. Amayi apaulendo anatulutsa makolona n'kuyamba kupemphera, nkhumba zikulira. Shiraki anatsikira ku injini ndipo sanatulukeko tsiku lonse. Cleto atapititsa khofi kwa anzake kumeneko, anamuona. Mafunde anali atamutembenuza m'mimba: ankasanzira m'ndowa, kupukuta pakamwa ndi mkono, n'kugwiranso sipanala. Kudzanja lake lamanzere kunalibe zala ziwiri. Cleto anaziyang'ana, koma sanafunse kumene zinatsala.

Chakumadzulo injini inatsokomola, kenako n'kulira. Miyala inali ikuoneka bwinobwino. Cleto anabwerera kukhitchini, anaphika phala la mpunga, n'kuthiramo jinja wambiri monga amachitira ndi odwala. Anakaika mbaleyo pamakwerero a ku injini, supuni ili pambali.

Woyendetsa wina, Doming, anamuona. "Kodi madala, si inu munkati akadye kwawo?"

"Latsala phalali. Ukufuna ndipatse nkhumba za eni ake?"

Shiraki anabweza yekha mbaleyo ataitsuka, n'kuwerama pakhomo pa khitchini. Cleto anapitiriza kusenda anyezi. Mpaka kukafika ku Cebu sanalankhulane.

Kunyumba anamuuza Puring zonse, chifukwa ankadziwa kuti Doming sasunga nkhani. Puring anasiya zimene ankasoka n'kupita kwa mng'ono wake, ndipo anabwerako dzuwa litapendeka. Akuyala mbale patebulo anangofunsa ngati munthuyo anamaliza phala lonse. Cleto anati anamaliza. Nkhaniyo sanaikambenso.

Perla inayendabe zaka zingapo, mpaka pansi pake panayamba kulowa madzi mosatsekeka. Anaigulitsa kwa ophwanya zitsulo, ndipo tsiku loikoka padoko Cleto sanapiteko. Anati ali ndi chimfine.

Kumtunda vuto linali limodzi: manja ake sankadziwa kuphikira anthu awiri. Mpunga unkatsala poto wathunthu tsiku lililonse. Puring atatopa n'kugawira oyandikana nawo, anatulutsa tebulo ndi benchi pakhonde, ndipo onyamula katundu padoko anayamba kumadyera pomwepo masana.