Chaka Chomwe Malasha Anatsika Mtengo

Baltazar ndi mkazi wake Laurentina anabwerera ku Zóbuè nkhondo itatha, atakhala zaka zambiri kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Munda wa makolo a Laurentina anaupeza utasanduka tchire. Anauswa pang'onopang'ono, chimanga kumtunda, nyemba ndi mbatata kudimba. Ndalama zinali zosowa, koma njala sinkalowa m'nyumba mwawo.

Laurentina anali ndi mchimwene wake, Raúl, amene sankagwirizana ndi khasu. Mgodi waukulu wa malasha utatsegulidwa ku Moatize, iye anapeza ntchito yoyendetsa chigalimoto chotuta dothi. Akabwera kudzacheza, ankakonda kufotokozera mlamu wake mmene dziko limalemerera. Ankati chuma sichiyambira m'dimba, chimayamba ndi anthu a ndalama zambiri obwera ndi makina. Iwowo akalemba anthu ntchito, antchitowo amafuna nyumba, ndiwo ndi zovala, kenako ndalama imayenderera mpaka kwa mlimi wa kuphiri. Wailesi nayo inkanena kuti chuma cha dziko chikukula mofulumira. Baltazar anakopeka.

Chaka chotsatira anachepetsa chimanga, nadzala kabichi ndi tomato paliponse pofika madzi. Laurentina anadandaula kuti kabichi saikidwa m'nkhokwe, koma mwamuna wake sanamve. Atakolola, anapita kukhitchini ya kampani ina ya pamgodi. Kumeneko anamuuza mwaulemu kuti chakudya chawo chimabwera kuchokera kutali m'magalimoto oziziritsa, ndipo amafuna munthu woti azibweretsa mlungu uliwonse chaka chonse. Zimenezo Baltazar sakanatha.

Choncho Laurentina anayamba kukwera shapa, minibasi ya kumeneko, ndi madengu ake kukagulitsa pamsika wa Moatize. Malonda anayenda ndithu, chifukwa akazi a antchito a pamgodi ankagula osanenerera. Nyumba anaifolera ndi malata. Mwana wawo wamkazi, Isménia, anamutumiza kusekondale ku Moatize komweko, akukhala kwa amalume ake.

Kenako kunamveka kuti mtengo wa malasha watsika kumayiko akunja. Makampani anayamba kuchotsa anthu, ndipo Raúl anali m'gulu loyamba. Pamsika, amayi omwe kale ankatenga kabichi wathunthu anayamba kupempha kuti awadulire theka. Tomato ankaola m'madengu. Chaka chomwecho mvula inavuta, chimanga chinakwera mtengo, ndipo nkhokwe ya Baltazar inatha mwezi wa Okutobala usanafike. Raúl atalephera kulipira nyumba, anafika ku Zóbuè ndi mkazi wake, ana ake, Isménia ndi matiresi pamwamba pa galimoto.

Tsiku lina masana ali kudimba ndi Raúl, Baltazar anaponya khasu pansi.

"Alamu, munkati ndalama imayenderera. Yayenderera kuti? Sitima imachoka ku Moatize itadzaza, imabwerako yopanda kanthu."

Raúl anati iye sananame, kungoti nthawi ya zabwino ija dziko linayenera kumanga mafakitale, madamu othirira ndi mosungira mbewu, kuti malasha akagwa anthu akhale ndi pogwira.

"Koma ine ndinkangoyendetsa galimoto, alamu. Palibe anandifunsa."

Mkangano weniweni unabuka pa za Isménia. Baltazar ankafuna kuti mtsikanayo asiye sukulu, athandize kulima, popeza pakhomo panali pakamwa pambiri. Laurentina anafunsa mchimwene wake kuti pamgodi paja anatsala ndani. Raúl anavomera kuti anatsala okonza makina ndi oyeza miyala, anthu ophunzira, ambiri a iwo ochokera kutali.

"Ndiye bambo ake a Isménia, mukufuna mwanayu adzakhale woyamba kuchotsedwa ngati achimwenewa?" anatero Laurentina. "Pa kabichi ndinakumverani. Pa izi ayi."

Baltazar sanalankhule naye mlungu wonse. Laurentina anagulitsa mbuzi zake, nakapempha Hortênsia, mnzake wa pamsika, kuti asunge mwanayo. Hortênsia analola, koma malo ogona analipo a m'khitchini basi, ndipo Isménia ankayenera kumugulitsira malonda akaweruka. Mtsikanayo anapita akulira, osadziwa ngati akulirira kwawo kapena kumene akupitako.

Mvula yotsatira Baltazar ndi Laurentina anadzala chimanga ndi mbewu yopempha kwa anansi. Raúl analima nawo mpaka m'manja munatuluka matuza. Chimanga chisanache anamva mphekesera yoti ku Nkondezi ayamba kulemba anthu a mgodi watsopano, ndipo ananyamuka osatsanzika bwino. Atafika anapeza alonda ndi mitengo yokha, mgodi usanayambe n'komwe. Manyazi anamuletsa kubwerera, anapitirira ku Tete kukafuna maganyu.

Mkazi wake ndi ana anatsala kwa Baltazar. Zokolola za chaka chimenecho zinali zokwana banja limodzi, ndipo Laurentina anayamba kuphika kamodzi pa tsiku.