Timadontho toyera m'mutu mwa a Fyson

A Fyson a ku Nsipe chibadwire sanalawepo nkhumba. Anali a mpingo wa Sabata, ndipo akamva fungo la kanyenya pamsewu ankatembenuza nkhope. Koma dziko ili! Anakakwatira Enelesi, mwana wa pakhomo pa makola a nkhumba.

Ndiye a Fyson atayamba kugwa khunyu ali kale ndi imvi, dokotala wa paboma n'kutchula nyongolotsi ya nkhumba, mlandu unapeza mwini wake pomwepo. Achemwali awo, a Hannah, anati mkaziyu wakhala akuwathirira mafuta a nkhumba m'ndiwo mwakabisira. Anauza ankhoswe kuti banja lithe, mlongo wawo abwerere kwawo. Enelesi analumbira mpaka mawu kusasa, koma mwamuna wake sanamuikire kumbuyo. Zimenezi zinamupweteka kuposa pakamwa pa alamu ake.

Achipatala anawatumiza ku Blantyre kukaunika m'mutu, a Hannah n'kulondola kuti akadzimvere okha. Dokotala ataonetsa chithunzi, Enelesi anagwira pakamwa. Ubongo wa munthu wamoyo, mwini wake ali pompo pabenchi akukanda bondo! M'kati mwake munali timadontho toyera mbwee, ngati mapira otayikira pamphasa. Anachita mantha, koma maso anakana kuchokapo.

A Hannah anafunsa kuti zonsezi zabwera ndi nyama yochuluka bwanji. Dokotala anati ayi, wodya nyamayo nyongolotsi imakulira m'mimba. Zofika kumutu zimachokera ku mazira ake, amene amatuluka m'chimbudzi cha munthu wina n'kulowa m'madzi kapena kukakamira pamasamba a kudimba. Analoza timadontho tina, nati iti tinafa kalekale n'kuuma gwa, mwina bamboyu akadali mnyamata kumafamu a ku Joni.

A Hannah anayamba kusakasaka zosadziwika m'chikwama mwawo. Enelesi sanawayang'ane n'komwe. Ankangodabwa kuti mutu womwewu, wosunga nyimbo zonse za m'kwaya ndi mayina a ana, unasunganso tizilombo zaka zonsezi osaphulika.

"Bambo a Sungani," anatero Enelesi kwa mwamuna wake chapansipansi, "pomwe munkandifunsira muja, izi zinali momwemo?"

A Fyson anayang'anitsitsa chithunzicho, misozi ili lengelenge.

"Ndinabwera nazo ndekha pakhomo panu, mayi. Ndipo ine ndikukukayikirani choncho, wonditola pansi ndikagwa munali inu nomwe."