Apongozi Akankha Pijo

Danwell Zgambo anali ndi galimoto yakale ya Pijo ya bokosi kumbuyo, imene ankanyamulila fodya wa alimi. Chaka chimenecho olitaneta yake, kachipangizo kaja kamene kamadzaza batile injini ikamalila, inayamba ulesi. Kanyale kofiila kapachiwongolelo kankangoyaka osazima. Yatsopano akanaipeza kuti? Masiku amenewo ngakhale sopo anthu ankachita kuimila pamzele, khadi la Chipani lili m'thumba.

Amock, makaniko wa kuseli kwa msika wa Lundazi, anaigogoda ndi sipanala napukusa mutu.

"Iyenda, koma batile uisunge ngati mchele wopempha. Nyale ayi, hutala ayi, wailesi ayi. Ukaima, uime pamtsetse."

Tsiku lomwelo mkazi wa Danwell, Ennie, anauzidwa kuti atuluke m'chipatala, bedi likufunika. Anali atabeleka mwana woyamba, ndipo anakanilatu kusuntha.

"Mwana woyamba amatuluka m'manja mwa ambuye ake. Kawatengeni amama ku Chikomeni. Dzuwa likalowa asanafike, anamwino atitulutsa tokha, ndipo nkhani imeneyi mudzaimva mpaka imvi."

Danwell anapita, nakaimika galimoto potsetseleka pambali pa chulu. Tsono vuto linali ili: chikwatile Ennie, iye ndi apongozi ake, aNambewe, anali asanalankhulanepo maso ndi maso. Akakumana panjila, wina ankapatukila kutchile. Mawu onse ankadutsa mwa Ennie kapena mwa mlamu wake, koma mlamuyo anali kumsonkhano wa Chipani. ANambewe anamva uthenga kwa mnansi, anamanga kamtolo, anagwila thadzi lakuda nalimanga miyendo, nakwela kumbuyo osayang'ana mkamwini.

Anayenda bwino ndithu. Koma Danwell mtima unkamuvuta. Munthu wamkulu ali yekha kumbuyo, fumbi lokhalokha, wopanda womuyankhula. Adzati mkamwini wanga ndi wouma mtima. Anatsitsa galasi, natsegula wailesi mokweza kuti nyimbo zifike kumbuyo. Makwaya a Chipani anaimba, anaimbanso, ndipo mawu a Amock anauluka ndi fumbi.

Pafupi ndi dambo lina ng'ombe zinadula msewu. Chinali chilimwe, zinkangoyenda zokha popanda mbusa. Danwell anaponda buleki. Injini inatsokomola kawili, zii. Anapotokola kiyi. Tse, tse. Basi.

Anatsika nakankha yekha, dzanja lina pachiwongolelo. Pijo inasuntha ngati nkhono. Mtsetse unali patsogolo pang'ono, koma pankafunika wina wokankha ndi wina wogwila kilachi. Kuyang'ana uku ndi uku, ng'ombe zokhazokha. Dzuwa nalo linali litapendeka.

Anavula chipewa, nanjuta pafupi ndi tayala, maso ali pa thadzi lija.

"Iwe nkhuku, uwauze amama kuti galimoto yatopa pang'ono."

ANambewe anayang'ana kudambo. "Nkhuku, uwafunse abambo a mwana. Yatopa ndi njila kapena ndi nyimbo?"

Danwell anayang'ananso nkhuku. "Uwauze kuti tidikile, mwina pabwela munthu."

"Uwauze kuti mdzukulu wanga sadikila mwina. Ngolo ya malemu amuna anga ndinaitulutsa m'matope ine, ndili ndi pakati pa Ennie yemweyo."

"Nkhuku, apongozi sakankha galimoto! Anthu adzati chiyani?"

"Anthu ake ati? Ng'ombezi?"

ANambewe anatsika, anavula nsapato zawo zakutchalitchi naziponya m'bokosi, anamanga chitenje m'chiuno kolimba. Danwell analowa m'kati thukuta lili kamukamu, naika giya yachiwili. Apongozi anakankha, galimoto inayamba kuyenda. Inayenda, inawonjeza, inagwila mtsetse. Anasiya kilachi. Pijo inadumpha ngati mbuzi, inalavula utsi, nibangula.

Chimwemwe chake chinali chachifupi. Kutsogolo kunali mchenga wa dambo, ndipo kuima kunali kutitimila. Pagalasi anaona apongozi akuthamanga m'mbuyo, duku lili m'manja. Bokosi linali lalitali, sakanatha kulikwela galimoto ikuyenda. Danwell anachepetsa liwilo mpaka injini inayamba kunjenjemela, anatambasula dzanja, natsegula chitseko chakumanzele. Anafuna kuitana, koma aitane ndani? Nkhuku inali kumbuyo.

"Amama! Kuno!"

ANambewe anagwila chitseko, nadziponya pampando. Chigongono chawo chinagunda phewa la mkamwini. Onse awili anayang'ana kutsogolo ngati ali m'tchalitchi, akupuma wefuwefu. Anadutsa mchenga, nakwela kamtunda.

Kenaka aNambewe anamanganso duku lawo.

"Nkhuku yatsala kumbuyo, ndiye mumve nokha. Pondani mafuta, bambo. Ndipo chiwailesi chanucho musachikhudze."

"Yewo, amama," anavomela Danwell m'Chitumbuka.

"Zoimbazo ndingathe ndekha."

Anayambadi nyimbo ya kuchigwilizano, mawu aakulu ngati a mwamuna. Pofika pavesi yachiwili Danwell anali akuvomela ndi besi, poyamba motsitsa, kenaka osadzigwila.

Analowa paboma dzuwa lili pamwamba pa mitengo ya mango. Danwell anazungulila chipatala mpaka anapeza potsetseleka, naimika Pijo mphuno ikuloza kumunsi. Ennie anali pakhonde, katundu ali pambali, namwino ataima kumbuyo kwake manja m'chiuno. Ataona amayi ake akutsika pampando wakutsogolo, opanda nsapato, anagwila pakamwa.

"Amama! Kutsogolo? Ndi aDanwell?"

"Bweletsa mwana kuno, mafunso mawa."

ANambewe anamulandila, anamusuzumila kumaso, naseka. "Mphumi ya abambo ake. Tiyeni tizipita kusanade, galimoto iyi ilibe maso."

Mwana anatuluka pachipata ali m'manja mwa ambuye ake, monga Ennie anafunila. Danwell anamasula buleki, Pijo inatsetseleka yokha nilila.

Atafika kunyumba, Ennie anati thadzi lija liphedwe, amwe msuzi.

"Iyayi!" anatelo Danwell ndi aNambewe pamodzi.

Ennie anawayang'ana onse awili.

"Ugule ina," anatelo amayi ake, akumasula miyendo ya nkhukuyo. "Ankhoswe sadyedwa."