Makina Oyezera Mafilimu a Godelieve

Godelieve anamwalira pa 3 Novembala 2018, n'kusiya mafilimu 41 otsukatsuka koma osasindikiza. Kwa zaka makumi atatu ntchito ankagawana: iye kujambula ndi kutsuka, mwamuna wake Gaspard kupaka mankhwala a paladiamu papepala, kusanjikapo filimu ndi kuyatsa nyale ya UV. Wonena mphindi zoti nyaleyo iyake anali Godelieve. Ankangokwezera filimu pawindo, n'kutsinzina diso limodzi: "Zisanu ndi ziwiri." Sankaphonya.

Pofika Febuluwale, Gaspard anali atawononga mapepala asanu ndi anayi. Onse ankatuluka otuwa.

Pa 14 Malichi anakwera sitima ku Ghent kupita ku Aalst, komwe Remi Dhondt ankatseka malo ake osindikizira mabuku. Remi ankagulitsa madensitomita awiri, makina oyezera kuda kwa filimu.

"Tengani awa, akulu," anatero Remi akusisita atsopanowo. "Agwira zaka zinayi zokha. Enawo ndi akafumbwe anzanga, tonse tikudikira kutayidwa."

Gaspard anatulutsa filimu imodzi mu envulopu, n'kuiika pa makina atsopanowo. Makinawo anawerenga 1.10.

"Yopyapyala iyi," anaseka Remi. "Anajambula ndani, mwana wa sukulu?"

"Mkazi wanga."

"Ee, ndalakwa! Mukawauze mayiwo kuti azichedwerako potsuka."

"Anatisiya."

Remi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya.

Gaspard ankadziwa kuti Godelieve sakanasiya filimu yopyapyala. Mankhwala amene ankatsukira ankasiya mtundu wachikasu pafilimu. Makina atsopanowo ankaona ngati diso la munthu, chikasucho osachiwerengera, pamene kuwala kwa UV chimakutchinga. Anayang'ana makina akale aja. Anali ndi batani lothetheka lolembedwa UV.

"Tayatsani awo."

"Amatenga mphindi khumi kuti adzuke. Khofi?"

Anamwa khofiyo ali chiimire. Kenako anaikapo filimu ija, makina akalewo n'kuwerenga 1.78.

"Ndatenga amenewa."

"Akulu, chivundikiro n'chosweka. Ndipo babu lake sapanganso. Likapsa, mwangogula chitsulo chotsamiritsira chitseko."

"Lingopirira mafilimu 41."

Remi anawakulunga m'bulangete lakale, n'kumunyamulira mpaka pasiteshoni.

Pa 16 Malichi Gaspard anayezanso filimu ija kunyumba, n'kuzimitsa makina msanga posunga babu. Anawerengetsera, napeza mphindi khumi ndi imodzi. Pepala litalowa m'mankhwala chithunzi chinatulukira nthawi yomweyo: bwalo la kuseri kwa nyumba yawo mvula itangokata, njerwa iliyonse ikuoneka, ngakhale za pamthunzi pansi pa masitepe. Analitsuka, n'kuliyanika pachingwe, n'kuima pamenepo mpaka madzi analeka kudontha.

Pa envulopu analemba nambala ndi mphindi zake. Akanatha kuyeza otsalawo masana omwewo, babu likadali moyo. Koma anabweza bokosi la mafilimuwo pashelefu, natenga kalendala, n'kuyamba kuchonga Loweruka lililonse, filimu imodzi imodzi, mpaka pa 21 Disembala.