Kabuku ka Milandu ya Chikamwa

"Tsamba lachitatu," anatero Zala, akunyowetsa chala ndi malovu. "Lolemba Chikamwa anaseka ine nditangolowa. Lachinayi anandilanda mpando wa pagalasi lalikulu."

Alangizi anavula magalasi n'kutikita m'maso. Kanali kachinayi mayi woluka tsitsiyu kubwera ku ofesi yawo ya uphungu. Anamupatsa kabuku koti azilembamo zinthu zitatu: chimene chachitika, ganizo limene lamubwerera, ndi umboni wa ganizolo. Koma iye, kalanga ine, anakasandutsa buku la milandu ya mnzake wa pasaluni.

"Mayi, kabukuka n'koyezera maganizo anu, osati machimo a anzanu."

"Maganizo anga ali bwinobwino, bambo. Ndinadwala miyezi iwiri, pobwerera ndapeza makasitomala anga ali m'manja mwa Chikamwa. Onse amanyansidwa nane."

"Onse? Mwafunsako angati?"

"Kufunsa chiyani? Utsi sufuka popanda moto."

"Komatu safunsa anadya phula."

Zala anatsonya. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kabotolo ka mankhwala owongolera tsitsi, aja amawotcha khungu ukachedwa kutsuka.

"Mawa ndikathira mu shampu yake. Kasitomala wake akatuluka ndi dazi, tione amene asekedwe."

Alangizi sanakweze mawu. "Mutu umene ukapse ndi wa yani? Wa Chikamwa?"

Zala anafumbata kabotolo kaja.

"Ntchito yanu ikathera pomwepo, mwinanso ndi unyolo m'manja. Ndisiyireni kabotoloko."

"Ayi."

"Ndiye musanakatsegule, kafunseni munthu mmodzi yekha chifukwa chake anakuthawani. Yankho lake mukalembe pa umboni."

M'mawa mwake mwayi unabwera wokha. Chikamwa anali panja akukuwa pafoni, shampu yake ili pasinki yosavindikira. Dzanja la Zala linali kale m'thumba la epuloni pamene chitseko chinatseguka. Analowa namwino wina, amene Zala anamuluka zaka zisanu ndi chimodzi asanadwale. Tsopano anali kasitomala wa Chikamwa, ndipo mutu woti upse unali umenewu.

Kufunsa kunamuwawa Zala ngati kuzula dzino, koma anafunsa.

"Achemwali, ndinakulakwirani chiyani?"

"Inu? Si munauza Chikamwa kuti matenda anakufoolani manja, tisamakuvutitseni? Ine ndimakumverani chisoni, kwinaku mutu ukuphulika ndi maluko ake okokawa!"

Mtima wa Zala unawira. Anatulutsa dzanja m'thumba lopanda kanthu, n'kukokera mpando wa pagalasi lalikulu.

"Khalani apa."

Zala zake zinathamanga ngati kale, paja dzina lomwelo anamupatsira zimenezi. Chikamwa polowa anapeza mizere inayi yatha, yowongoka bwino.

"Iwe! Ameneyotu ndi wanga!"

"Pepa mnzanga," anatero Zala mokoma, osacheuka. "Manja ofooka aja akungoyesako."

Namwino sanachedwe. Anaimbira anzake ali pampando pomwepo, mokweza kuti ndi makoma omwe amve. "Bwerani, wachira! Ndipo sanafookepo, anatinamiza!" Pofika masana amayi atatu anali atakhala pabenchi kudikira Zala. Chikamwa ankangopala zikhadabo, mpando wake uli mbee.

Sabata yotsatira Zala anaika kabotolo kaja patebulo la alangizi, kosatsegula. Kenako anatambasula kabuku. Pa ganizo analemba kuti, "Onse amanyansidwa nane." Pa umboni analemba ndi zilembo zikuluzikulu: "Bodza. Ndi njoka imodzi yokha."

"Mwagwira ntchito," anatero alangizi, akutsekera kabotoloko m'kabati. "Ndiye kuti mwamukhululukira?"

"Kukhululuka? Bambo, phunziro limenelo sitinafikepo." Zala anabweza kabuku m'chikwama n'kuimirira. "Atsala makasitomala asanu ndi awiri. Ndiwafunsa mmodzimmodzi monga munandiphunzitsira, ndipo ndiziwafunsa Chikamwayo akumva."