Si Mzukwa Mkazi Wanga

Pa tchuthi cha Khirisimasi tinasonkhana kwa mwana wanga Ephraim ku Shawlands, kuno kudziko la azungu. Kunja kunkazizira koopsa, ndipo mdima unagwa tisanatsuke mbale za nkhomaliro. Mdzukulu wanga Hope, amene ali ku yunivesite, anatulutsa buku la nkhani zoopsa za m'nthawi ya Mfumukazi Vikitoriya. Ankawerenga m'Chingerezi, kenaka n'kumasulira azakhali ake a Vainess, amene anali atangofika kuchokera ku Zomba.

Chichewa chake chinali chopunduka, koma ndinaugwira mtima. Nkhani inali ya mayi wovala zoyera amene ankayendayenda m'nyumba za eni atamwalira. Pomwepo chitseko cha kukhitchini chinalira chokha.

Hope anaseka. "Musaope, anti. Ameneyo ndi mzukwa wa agogo aakazi, wabwera kudzamvera nawo."

Ndinaika kapu pansi. A Matilda, mkazi wanga, tinawaika m'manda chaka chathachi.

"Wati chiyani, iwe?"

"Mzukwa, agogo. Si mmene timanenera?"

"Mzukwa ndi chinthu chouka m'manda, chosowa mtendere, chimene anthu amathawa. Agogo ako anagona mwa Ambuye, mvano wonse ukuimba. Lero uwasandutse choopsezera anthu pakati pa makeke?"

A Vainess anagwira pakamwa. Ephraim anati, "Bambo, mwanayu sanadziwe."

"Sanadziwe chifukwa cha yani? Iwe unamulipirira maphunziro a piyano, koma mawu otchulira amayi ako unawasiya pabwalo la ndege!"

Ndinanyamula chikhoti changa. Ndinali nditatsimikiza kubwerera kunyumba kwanga ku Partick, osapondanso m'nyumba imene dzina la mkazi wanga limaseweretsedwa.

Hope anandipeza pakhomo, maso ali ofiira. Anagwada, ngakhale kuti anagwada mokhota ngati wofuna ndolo yotayika.

"Pepani, agogo. Nanga ndiziwatchula bwanji? Ine ndimangofuna atabwera. N'chifukwa chake ndimawerenga zimenezi."

Mkwiyo sunandithere, koma chikhoti ndinachipachikanso.

"Uziti malemu agogo. Ukafuna kunena za mzimu wawo, unene kuti uuse mumtendere. Ndipo dziwa ichi: agogo ako sakanayendayenda m'nyumba ya eni osanena odi, ngati mayi wopanda mwambo wa m'buku lakoyo."

"Ndiye ndipitirize kuwerenga?"

"Werenga. Koma womasulira ndine. Iwe Ephraim, khala apa umve, pakuti wofunika sukulu m'nyumba muno ndiwe."