Mitu Yopindika

Wometa wina wachikulire anayamba kudandaula kuti mitu ya anthu masiku ano yapindika. Akadula mzere wa pamphumi, ankauona utakhota, ndiye ankauwongola. Akauwongola, kasitomala ankadzuka pampando mutu uli ngati wadyedwa ndi makoswe. Mkuluyu anasintha galasi, anasintha makina, mpaka anakalipira kalipentala kuti anakhoma shelefu mokhota. Benchi ya odikira inayamba kuzizira, ndipo izi zinkamuopsa, pakuti ntchito ina sankaidziwa.

Mlamu wake, dalaivala wa basi wosasunga mawu m'kamwa, ndiye anamulasa.

"Alamu, anthu onsewa angapindike mitu nthawi imodzi? Tiyeni kuchipatala cha maso."

Kumeneko dokotala anamuunika m'diso, kenaka namwino anamumanga lamba pamkono n'kumubaya chala.

"Pepani amayi, ine ndabwera ndi diso. Mkonowu ulibe mlandu."

"Bambo, ukalamba wafooketsa pakati pa diso lanu, n'chifukwa chake mizere ikukhota," anatero dokotala. "Koma vutoli limakonda kuyenda ndi anzake, poti diso limadya magazi omwewo a mtima. Magazi anu akuthamanga, shuga nayenso wakwera. Mtimawo tiuyezenso."

"Shuga wake uti? Ine ndimangomwa tiyi basi."

"Tiyi wanji?" analowerera mlamu uja. "Adokotala, m'kapu mwawo supuni imaima yokha."

Wometa anaseka nawo, koma mtima unali utagwa. Anafunsa motsitsa mawu ngati mizere idzawongokenso. Dokotala sanamunamize. Anati chimene chapita sichibwerera chonse, koma chotsalacho angachiteteze ndi mankhwala, kadyedwe kabwino ndi kubwera kudzayezetsa.

Pobwerera wometa ankangoganiza za ntchito yake. Zaka zonsezi ankadzitama kuti mzere wake sufuna rula.

M'mawa mwake anatsegula shopu n'kukhala moyang'anizana ndi tiyi wopanda shuga ngati mdani wake. Pabenchi panalibe munthu. Kenaka mlamu analowa, anakhala pampando, n'kudzifunditsa yekha nsalu. Munthuyutu tsitsi lake ankalinyadira kuposa basi imene ankayendetsa.

"Alamu, mzere sindingathe," anatero wometa, manyazi atamugwira.

"Wanena za mzere ndani? Metani mpala. Mpala sukhota. A m'basi akandifunsa, ndiwauza kuti ndi sitayilo yatsopano, ndipo imapezeka kuno kokha."

Wometa anayatsa makina. Koma anayamba wapukuta kaye m'maso ndi thaulo la makasitomala.